Ndalama ya gogo siifuna mlonda

Tchulani zopatsa mmphawi ndalama m'manja popanda kumulamula chochita nayo, muone mmene anthu ophunzira amasinthira nkhope. Munthu amene dzulo lomweli wasainira alawansi ya masiku atatu pamsonkhano wa tsiku limodzi ndi theka amasanduka mlaliki wa kasamalidwe ka chuma. Akuti amwera kachasu. Akuti agwidwa ulesi, ataya khasu. Akuti ayamba kuberekana mwadala kuti ndalama ichuluke. Mawu amenewa amayankhulidwa m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, chambo chili pambale, madzi a m'botolo ali pambali, ndipo palibe amene amaimirira n'kufunsa woyankhulayo kuti alawansi yake ya mwezi watha anagulira chiyani. Iyeyo safunsidwa lisiti. Woyenera kufunsidwa, malinga ndi nzeru za m'chipinda chozizira ndi makinacho, ndi gogo wa ku Ntchisi amene akulera zidzukulu zinayi m'nyumba yodontha.

Mantha amenewa alibe poimira. Nkhani yopereka ndalama zopanda malamulo yafufuzidwa kuno kwathu kuposa nkhani zambiri zachitukuko, ndipo zotsatira zake zili poyera kwa aliyense wofuna kuwerenga. Chimene chatsala m'mitima ya otsutsa ndi chipongwe chakale chija choganiza kuti munthu amasauka chifukwa mutu wake sugwira. Zovuta pa ndondomekoyi zilipo ndithu, ndipo ndizitchula, kungoti si zimene zimatchulidwa kuhotela.

Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama zotere, inayamba m'chaka cha 2006 m'boma la Mchinji mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo pofika 2018 inali itafalikira m'maboma onse 28. Poyambapo banja la munthu mmodzi linkalandira K600 pamwezi, la anthu anayi kapena kuposerapo K1,800, ndi kabonasi pa mwana aliyense wa pasukulu. Sikuti wosauka aliyense amalowa. Banja liyenera kukhala lovutikitsitsa, komanso lopanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito, kapena wamphamvuyo akhale atasenza anthu oposa atatu payekha. Kunena mosapsatira, awa ndi agogo olera ana amene Edzi inawasiyira, amayi amasiye, anthu olumala, odwala mgonagona, ana olera ana anzawo. Ndiye wina, tayi ili pakhosi, n'kumati ndalama iwapatsa ulesi. Ulesi wa ndani? Wa mayi wa zaka 75 amene msana unapindika kalekale ndi khasu? Boma linamusankha chifukwa choti mphamvu zolimira zinatha, inu n'kumaopa kuti asiya kulima?

Tiyambe ndi kachasu, poti ndiye amathamangira pakamwa. M'chaka cha 2014 David Evans wa ku World Bank ndi mnzake Anna Popova anasonkhanitsa akafukufuku 19 a ku Africa, Asia ndi Latin America kuti aone ngati olandira ndalama amaonjezera kugula mowa ndi fodya. Zimenezo sanazipeze, ndipo m'malo ambiri ndalama yopita ku mowa inachita kutsika. Kuno kwathu, pakati pa 2013 ndi 2015, ofufuza a ku University of North Carolina pamodzi ndi a Centre for Social Research ku Zomba anatsata mabanja a Mtukula Pakhomo ku Salima ndi ku Mangochi, akuyerekeza midzi imene inayamba kulandira ndi imene inali isanayambe. Ndalama inayamba yapita m'poto. Mabanja ambiri amene ankadya kamodzi patsiku anayamba kudya kawiri. Ana anavala nsapato, anafunda bulangete, anabwerera m'kalasi. Pakhomo panaoneka nkhuku, kenako mbuzi, khasu latsopano, chikwanje. Mowa sunakwere. Kuberekana kuja nakonso sikunaoneke, ngakhale ku Zambia kumene ndondomeko ina inkapereka ndalama kwa mabanja okhala ndi ana aang'ono, kumene mukanati mayesero obereka ndi aakulu.

Kodi ndiye kuti palibe womwera? Alipo, ndipo m'mudzi uliwonse angakulozereni pakhomo pake. Alinso aphunzitsi omwera malipiro tsiku lomwe alowa, apolisi, makalaliki, aphungu. Sindinamvepo munthu akupempha kuti aphunzitsi onse azilandira ufa ndi nyemba m'malo mwa malipiro chifukwa mnzawo mmodzi wagona m'ngalande. Chidakwa cha m'mudzi chimaoneka poti chimaimba pamsewu masanasana. Mayi amene wagula sopo, mchere ndi makope a ana sachita phokoso, ndiye wodutsa pagalimoto samuwerenga.

Pa nkhani ya ulesi ndikhalitsapo, chifukwa m'menemo muli chinthu chimene ambiri safuna chiululike. Pitani kumudzi mwezi wa Januwale, nkhokwe itauma. Chimanga cha m'munda chafika m'mawondo, chikufuna kupalira ndi kubandira, udzu ukukula usiku ndi usana. M'nyumba mulibe ufa. Mayi amadzuka tambala woyamba, n'kudutsa munda wake osaima, ulendo kukapalira kwa mnzake wopezako bwino kapena kuesiteti. Kumeneko amawerengerana mizere. Dzuwa likapendeka amabwerako ndi mbale ya ufa kapena madeya, mwina ndalama yongokwana kajumbo ka ufa wa usiku umodzi. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Akadzati apite kumunda kwake patatha sabata ziwiri, apeza chimanga chachita chikasu, udzu watenga malo. Akolola matumba awiri. Pofika Ogasiti ufa watha, Januwale wotsatira ali pa ganyu yemwe uja, kwa munthu yemwe uja. Mayi ameneyu amagwira ntchito kuposa ine ndi inu, koma thukuta lake limakathirira munda wa wina, pa nthawi yeniyeni imene munda wake ukumufuna.

Tsono amene anasanthula za ku Mchinji anapeza kuti mabanja olandira ndalama anachepetsa kupita ku ganyu, n'kumathera nthawi yambiri m'minda yawo, atagulanso zipangizo zolimira ndi ziweto. Choncho mukamva munthu wopezako bwino pamudzi akudandaula kuti a Mtukula Pakhomo anayamba matama, masiku ano sagwira ntchito, mufunseni kuti ntchito ya ndani. Kawirikawiri ndi yake. Wataya wantchito amene ankamulipira madeya. Chimene iye akuchitcha ulesi ndi tsiku loyamba limene mayi uja wakwanitsa kuyankha kuti pepani, lero ndikupalira kwanga. Ngati umenewo ndiwo ulesi, Mulungu atichulukitsire.

Ndipo umaoneka m'masamu. Kafukufuku wa ku Salima ndi Mangochi uja anapeza kuti pa K1 iliyonse imene banja linalandira, zimene linagula ndi kudya zinakwera ndi pafupifupi K1.70. Ku Zambia anapeza chiwerengero chofananako. Matambala 70 apamwambawo sanagwe ndi mvula. Anachokera m'munda wopaliridwa pa nthawi yake, m'nkhuku zoswa, m'geni ya zitumbuwa ndi tomato pamphambano. Palinso phindu lina limene masamu saligwira bwino, koma aliyense wokulira kumudzi akulidziwa. Munthu wosowa ngakhale K200 yoponya pamaliro amayamba kubisala. Kutchalitchi amasiya kupita poti chitenje n'chimodzi, chopereka palibe. Pa golosale samukongoza, ku banki mkhonde samulandira, pabwalo la mfumu mawu ake samveka. Ndalama ikayamba kubwera mwezi ndi mwezi, wagolosale amamudziwa dzina, amayi a kumpingo amamuwerengera pa zophika za pamaliro. Amabwerera pakati pa anthu. Amene sanasowepo sopo wochapira malaya opita nawo pagulu sangamvetse kukula kwa zimenezi.

Pali ena amene amavomera kupereka, koma akuti pakhale chingwe: ulandire pokhapokha mwana akupita kusukulu, pokhapokha wapita kusikelo. Zikumveka zanzeru. Mwamwayi funso limeneli linayesedwa pa dothi lathu lomwe lino, ku Zomba, m'zaka za 2008 ndi 2009, ndipo zimene Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anapeza kumeneko zimaphunzitsidwa m'mayunivesite akunja pamene ife eni ake sitizitchula n'komwe. Anatenga atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22, madera awo n'kugawidwa mwamaere. Ena ankalandira ndalama, iwo ndi makolo awo, pokhapokha akapezeka m'kalasi masiku osachepera 80 pa 100 alionse. Ena ankalandira popanda lamulo lililonse. Pa kusunga ana m'kalasi, chingwe chinapambana, ndipo zimenezo sindibisa. Koma pa maukwati ndi mimba inapambana ndi ndalama yopanda chingwe: maukwati anatsika ndi 44 peresenti, mimba ndi 27 peresenti, poyerekeza ndi atsikana amene sankalandira kanthu.

Chifukwa chake n'chowawa. Kumbali ya chingwe, mtsikana akangosiya sukulu ndalama inkaduka pomwepo. Ndiye kuti pa nthawi imene ali pa ngozi kuposa nthawi zonse, atalephera mayeso, kapena mayi ake atagwa m'matenda n'kumafunika wowasamala, ndi pamene thandizo linkamuthawa. Wotsala womugulira sopo ndi mafuta odzola ankakhala chidyamakanda cha pamsika. Kumbali inayo, wosiya sukulu ankalandirabe, ndipo sanafunike kukwatiwa kuti adye. Chingwe chimakola wofookitsitsa, yemwe ndondomeko inapangidwira. Komanso chingwe sichidziyendetsa chokha. Pamafunika wolemba maina, woyendera masukulu, galimoto, mafuta, ndi alawansi ya woyenderayo. Mukafufuza bwino okonda chingwe, mupeza kuti ena mwa iwo akukonda ntchito yogwira chingwecho.

Funso laulemu pa mafunso onse ndi la mitengo: ukathira ndalama zambiri m'mudzi, kodi katundu sakwera, osalandira n'kupsa nazo? Linayankhidwa ku Siaya, kumadzulo kwa Kenya, kumene bungwe la GiveDirectly, lomwe likugwiranso ntchito kuno ku Malawi, linapereka pafupifupi madola 1,000 pa banja kwa mabanja oposa 10,500, pa kafukufuku wokhudza midzi 653. Mitengo inangosuntha ndi pafupifupi 0.1 peresenti. Dola iliyonse inadzutsa malonda okwana pafupifupi madola awiri ndi theka m'deralo, ndipo ngakhale mabanja osalandira anapindula, chifukwa wolandira anakagula malata kusitolo, analemba mmisiri, anakagayitsa kuchigayo chimene chinkangokhala tsiku lonse kudikira makasitomala atatu. Kafukufuku wina wa m'midzi yomweyo, wotuluka mu 2025, anapeza kuti imfa za makanda m'mabanja olandira zinatsika pafupifupi ndi theka. Amayi anakwanitsa kukachirira kuchipatala, anadya bwino, anapumulako ntchito zolemetsa mimba itakula. Pafupifupi theka, abale. Akanakhala mankhwala atsopano ochita zimenezo, nduna zikanakawachingamira ku bwalo la ndege ndi amayi ovina.

Koma popeza nkhawa ndi yoti ndalama za anthu zingaonongeke, tiyeni tiwerenge amene anazionongadi. Mu 2013, ku Capital Hill kunatuluka ndalama kupita ku makampani amene sanagulitse boma ngakhale msomali umodzi, ndipo ofufuza a Baker Tilly anawerenga zoposa K13 biliyoni zotayika m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mipukutu ya ndalama inkapezeka m'mabuti a galimoto. Mu 2021, kuunika kwa K6.2 biliyoni ya Covid-19 kunaonetsa kuti ndalama zina zinathera m'maalawansi osayenera ndi m'katundu wogulidwa mokweza mitengo, anthu akubanika m'zipatala, mpaka nduna ina inachotsedwa pampando. Mu 2022, K750 miliyoni inatumizidwa kuti kampani ina ya ku Britain, yodziwika ndi malonda a nyama, ibweretse feteleza wa ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP. Feteleza sanabwere, boma linachita kuthamangathamanga kuti ndalamayo ibwerere. Mwa amene anasaina mapepala onsewa, ndi angati anali agogo a ku Nsanje? Anali anthu a masatifiketi ndi masuti, odziwa Chingerezi, ena mwina anakhalapo nawo pamisonkhano yokambirana mmene angaphunzitsire akumudzi kasamalidwe ka ndalama.

N'chifukwa chake ndimakayikira chikondi chimene akuluakulu ali nacho pa thandizo la katundu. Feteleza, mbewu, mbuzi zogawa, mabulangete, zonsezi zimafuna kontirakiti, ndipo pa kontirakiti pali podyera. Pali woitanitsa, wonyamula, wosunga, wogawa, ndi phungu woima pambali kudikira kujambulidwa. Ndalama yolowa pafoni ya gogo ilibe poti phungu ajambulitsirepo. Katundu amafikanso monga anaganizira wa muofesi, osati monga banja likuvutikira. Taonani za feteleza wotsika mtengo. Mu 2020 mlimi ankaonjezera K4,495 pa thumba, ndipo pofika 2022 inali K15,000. Nkhalamba imene ilibe ndalama ya matumba awiri, m'nyumba mulibenso ufa, imabwereketsa chiphaso chake cha unzika kwa venda, n'kulandira kangachepe. Ife timati ndi umbuli, ndipo nthawi zina timaopseza ndi apolisi. Umbuli uli pati? Munthuyo wangosandutsa thandizo lanu kukhala ndalama imene mukanamupatsa poyambirira, kungoti gawo lalikulu latsala m'thumba mwa venda, ndipo venda ameneyo mwamudyetsa ndinu. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pakhomo pena chawawa ndi denga, pena ndi fizi ya mwana wa Fomu 2, pena ndi ngongole, pena ndi ulendo wa kuchipatala. Palibe ofesi ya ku Lilongwe imene ingadziwe zimenezi khomo ndi khomo, koma mwini khomo amadzuka nazo tsiku lililonse.

Musandimve molakwa. Ndalama ya pamwezi simanga chipatala, siika mankhwala m'famase, silemba mphunzitsi ntchito. Mayi angalipire kabaza mpaka kuchipatala, koma akapeza mankhwala a malungo anatha, ndalama yake yathera pamsewu. Chaka chimene chimanga chasoweratu pamsika, ndalama siphikidwa, ndipo boma silingathawe udindo woonetsetsa kuti m'misika ya Admarc muli chakudya. Ku Zomba komwe kuja, ofufuza atabwerera patadutsa zaka ziwiri ndalama zitasiya, anapeza kuti zabwino zambiri zinali zitazilala: atsikana anakwatiwa, anatenga mimba, n'kufanana ndi anzawo. Chinatsala n'choti ana amene anabadwa kwa atsikana a ndalama yopanda chingwe, nthawi imene ankalandira, anali otalikirako pa msinkhu wawo. Otsutsa amakonda kwambiri gawo loyambalo. Ine ndikuti ukasiya kudya njala imabwerera, koma palibe amati nsima ndi yachabe. Chimene Zomba ikutiuza n'choti thandizo la zaka ziwiri, m'dziko limene mtsikana womaliza sukulu sapeza ntchito, ndi lalifupi.

Apa ndiye pali mlandu weniweni wa Mtukula Pakhomo: kuchepa. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019/2020 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka, ndipo munthu mmodzi mwa asanu alionse ndi wovutikitsitsa, wosakwanitsa ngakhale chakudya chokwanira thupi. Koma kwa zaka zambiri ndondomeko yakhala ikutenga mabanja 10 okha pa 100 alionse m'boma lililonse, kaya ndi boma losaukitsitsa kaya lopezako bwino. Ndiye m'mudzi mmene nyumba zisanu zikudontha mofanana, ana ake akugona ndi njala mofanana, pamafunika kuloza imodzi kapena ziwiri. Nsanje imene imabuka pamenepo anthu a m'tauni amati ndi khalidwe loipa la akumudzi. Ayi ndithu, ndi masamu oipa a ku Lilongwe. Wosiyidwa akuona mnzake wofanana naye pa chilichonse akubwera ndi kathumba ka ufa, iye alibe, ndipo palibe angamufotokozere chifukwa chomveka. M'malo ena olandira amauzidwa kuti agawireko anzawo, kapena aponyeko kangachepe kwa amene amati anawalembetsa. Gogo amapereka, osati mwachimwemwe, koma poopa kufufutidwa m'kaundula.

Mukaone tsiku lolandira, kumene anthu amalandirira pamanja. Bwalo la sukulu ya pulayimale, pansi pa mtengo wa mango. Nkhalamba zafika m'mamawa, zina zitakwezedwa panjinga ndi zidzukulu, kakhadi katakulungidwa m'pepala la shuga n'kumangidwa pa nsonga ya chitenje. Galimoto imafika dzuwa lili paliwombo. Kuseri kwa makalasi msika wadzuka kale: kaunjika, mapoto, usipa, mchere wa m'timilu. Ndiye chapatali pali munthu wina amene sakugulitsa kanthu, waima ndi kope m'manja, maso ali pamzere. Ameneyo ndi wakatapila. Ndalama ikachedwa miyezi ingapo, monga zachitikira kambirimbiri, gogo sasiya kudya kudikira kuti mapepala asainidwe. Amakongola, ndipo K10,000 imabwezedwa K15,000, mwinanso kuposa. Tsiku lolandira, asanagule ndi mchere womwe, gawo lalikulu lalowa m'kope lija. Kuchedwa kulikonse kwa kuofesi ndi phindu la wakatapila, ndipo amene anagonetsa fayilo patebulo malipiro ake sanadulidweko ngakhale tambala. Kulandirira pafoni kumachepetsa mizere ndi dzuwa, koma nako kukufuna maso: gogo wosadziwa kuwerenga amapereka nambala yachinsinsi kwa mdzukulu kapena kwa ejenti, ndipo si onse amene ali ndi mantha ndi Mulungu.

Ndalamayo ikafika, imafika itafota. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pake namondwe Freddy anakokolola midzi ndi minda kummwera mu Malichi 2023, ndipo mu 2024 ng'amba inachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi. Kumayambiriro kwa 2025, ndalama imene banja wamba la Mtukula Pakhomo linkalandira pamwezi sinkagula ngakhale theka la thumba la chimanga la makilogalamu 50. Akatswiri amene afufuza ndondomeko zotere m'maiko a mu Africa amati ndalama imayamba kusintha moyo ikafika pafupifupi 20 peresenti ya zimene banja limagwiritsa ntchito. Ikatsika pamenepo imangokhala yotonthozera. Timaisiya idyedwe ndi kukwera kwa mitengo mpaka itsale ya sopo ndi mchere, kenako tidzalemba lipoti lokhala ndi chikuto chonyezimira lonena kuti onani, anthuwa sanatukuke.

Chochititsa manyazi kuposa zonse n'choti ndalama yochepayo si yathu. Kwa zaka zambiri boma la Malawi lakhala likulipira m'boma limodzi lokha, la Thyolo, maboma ena onse akudalira World Bank, Germany, European Union ndi Ireland. Ndiye tamverani nthabwala yake: akuluakulu a boma limene limapemphetsa kunja ndalama yodyetsera agogo ake omwe, ndi amene amaimirira pansanja n'kumadzudzula agogowo kuti ali ndi mzimu wodalira zolandira. Wodalira wamkulu ndani pamenepa? Mu 2025 tinaona ndi maso athu mmene ntchito za USAID zinaimira mwadzidzidzi munthu mmodzi atasaina pepala ku Washington. Tsiku limene a ku Berlin kapena ku Dublin adzatope nafe, gogo wa ku Mzimba adzauzidwa chiyani? Kuti ndalama kulibe? Ya galimoto zatsopano za akuluakulu imapezeka. Ya maulendo akunja okhala ndi chinamtindi cha operekeza imapezeka. Ya misonkhano yokambirana za umphawi siinasowepo. Imasowa ikafika pa munthu amene msonkhanowo ukukambirana.

Funso loti mmphawi angakhulupiriridwe ndi ndalama linayankhidwa ku Mchinji, ku Zomba, ku Salima ndi ku Mangochi, ndipo analiyankha ndi amphawi eni ake ndi timakwacha tochepa timene anapatsidwa. Amene sanasonyezebe kuti angakhulupiriridwe ndi osunga chikwama cha dziko. Inu aphungu, bajeti ikabwera m'nyumba ya malamulo, ikani ndalama ya Mtukula Pakhomo kuchokera m'misonkho yathu, m'maboma onse, osati Thyolo yekha. Ikani lamulo loti izikwera mtengo wa chimanga ukakwera, izifika mwezi wake, ndipo aliyense wovutikitsitsa alowe, osati mmodzi mwa awiri. Wodula ndalama ya gogo, kaya ndi mfumu, kaya ndi wa komiti, kaya ndi ejenti, aonekere kukhoti ngati wakuba wina aliyense. Ndipo inu owerenga, phungu wanu akadzabwera ndi mabulangete ndi wojambula zithunzi, bulangetelo landirani, koma asanakwere galimoto mumufunse kuti pa ndalama ya Mtukula Pakhomo anayankhulapo chiyani m'nyumba ya malamulo, ndipo anavota bwanji.